Agologolo ouluka aja amakhota bwanji m'mwamba?

Anzanga odziwa za nyama, tandithandizeni. Dzulo mwana wanga anandionetsa vidiyo ya gologolo wa ku Canada akudumpha mumtengo usiku, miyendo yonse inayi atatambasula. Chikopa chochokera padzanja kukafika pa akakolo chinakungika ngati chitenje, iye ulendo kumtengo wina. Ndinamuuza kuti kumeneku si kuuluka kwenikweni poti alibe mapiko okupiza, amangoyandama mumphepo uku akutsika pang'onopang'ono. Apa ndiye anandipanikiza: nanga amakhota bwanji pakati pa mitengo osadziwomba? Ndi mchira wophwatalala uja kapena manja? Nanga pokatera pathunthu, liwiro amalichepetsa bwanji? Inenso changa n'chakuti, poti masana amagona m'mphako n'kumayenda usiku, akadzidzi amawazemba bwanji? Mwanayu akudikira yankho madzulo ano.