Kodi boma limawerengadi ma WhatsApp athu kapena ndi mantha chabe?

NaPhiri_Ndirande:
Anzanga ndithandizeni apa. Pamwamba pa chat iliyonse pa WhatsApp amalemba kuti mauthenga ndi otsekedwa, ati ngakhale eni ake sangawaone. Nde ngati zili choncho anthu akumamangidwa bwanji ndi zolemba za mmagulu? Mukukumbuka namwino uja anamangidwa mu 2022 ati wanyoza pulezidenti pa gulu la WhatsApp, apolisi anaziona bwanji? Komanso ma simu khadi tinalembetsa ndi chiphaso cha unzika, nde ine ndimangoona ngati chilichonse tikutumiza chikumakafika ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawayilesi. Odziwa za makompyuta tiuzeni zoona.

Wa_IT_265:
Achemwali zotsekazo nzoona, WhatsApp inayamba kutseka mauthenga onse mu 2016 ndipo uthenga ukamadutsa pa netiweki palibe angautsegule panjira. Koma vuto lili kumapeto. Gulu la anthu mazana awiri, ena simukuwadziwa nkomwe anangolowetsedwa ndi admini, mmodzi ajambula sikirinishoti watumiza kwa bwana wake kapena kwa mlamu wake wapolisi, basi nkhani yatha, palibe makina aliwonse agwira ntchito apa. Ndipo lamulo lomangira anthu lilipo kale, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

Chomwe anthu samachiganizira nchoti kutsekako kumabisa mawu okha. Munaimbira ndani ndi mayunitsi, nthawi yanji, mwacheza mphindi zingati, foni yanu imagwira nsanja iti, zonsezi kampani ya netiweki ili nazo, ndipo chilembetsereni ma simu mu 2018 nambala iliyonse ili ndi dzina ndi nkhope ya mwini wake. SMS wamba ndi kuimba kwa mayunitsi nde kulibenso kutseka kwa mtundu umenewu. Munthu akhoza osamva liwu lanu ngakhale limodzi koma nkudziwa kuti usiku uliwonse foni yanu imagona ku Chilomoni pomwe kwanu ndi ku Ndirande kkkk.

Wakujoni77:
Akulu a IT mwaiwala Pegasus. Ndi pulogalamu ya kampani ya ku Israel yotchedwa NSO Group, amagulitsa ku maboma, ikalowa mufoni imawerenga uthenga usanatsekedwe nkomwe, imayatsa kamera ndi maikolofoni inu muli phee. Mu 2019 inkalowera pa kolo ya WhatsApp, ngakhale osayankha, anthu pafupifupi 1,400 anakhudzidwa mpaka WhatsApp inakasuma ku khoti ku America. Nde mu 2021 atolankhani pamodzi ndi Amnesty International anatulutsa nkhani ya mndandanda wa manambala okwana 50,000, kuno ku Joni inali nkhani ya mkamwamkamwa chifukwa nambala ya Ramaphosa inalimo, ya Macron wa ku France inalimonso. Kupezeka pa mndandanda sikutanthauza kuti foniyo inalowedwadi ayi, koma ngati pulezidenti amene ali ndi asilikali omulondera akumuika pa mndandanda nanga ifeyo?

Wa_IT_265:
Zoona achimwene koma Pegasus ndi yodula kwambiri, sangaiwonongere pa munthu wogulitsa kaunjika. Amasaka atolankhani, andale, omenyera ufulu. Enafe amatipeza motchipa.

Gogo_Chatsika:
Ine zomwe zimandinyansa nzakuno konkuno. Ana inu simukumbuka mkangano wa makina a CIRMS nthawi ya Bingu, anthu ankawatcha makina aukazitape, nkhani inakafika mpaka ku khoti, MACRA nkumati ndi ongoyezera ngati makampani a foni akugwira bwino ntchito. Kumayambiriro kwa 2025 tamvanso kuti agula zina kwa kampani ya ku Ghana yotchedwa Hashcom zoti zizilondola nkhani zabodza pa Facebook ndi kwina. Wosankha kuti iyi ndi yabodza iyi ndi yoona ndani? Ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, oliyang'anira ndi a MACRA omwewo, ndiye kusiyira fisi khola la mbuzi kumeneko. Komanso musaiwale njira yachidule, mtolankhani Gregory Gondwe atamangidwa mu 2022 anangomulanda foni ndi makompyuta. Akakugwira nkukuuza kuti tsegula, kutseka kwa WhatsApp kukuthandiza chani pamenepo?

Chisomo_LL:
Tonse tikuloza boma koma makampaniwa amatidziwa kuposa boma. Kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri za anthu mpaka 87 miliyoni a pa Facebook kudzera pa kamafunso kamasewera, zinaululika mu 2018, ambiri mwa iwo sanakadine nkomwe anangokhala anzake a munthu amene anadina. Truecaller nayo, app ija imaonetsa dzina la amene akukuimbirani, mukuganiza dzina lanu inalitenga kuti? Mmafoni a anzanu omwe anakusevani, nchifukwa chake ena amatuluka kuti Ngongole Osayankha. NaPhiri chitani izi lero, lowani pa settings, chats, chat backup, muone ngati end-to-end encrypted backup ndi yoyatsa, imabwera yozimitsa ndipo ikakhala choncho macheza anu onse ali pa Google Drive opanda loko ya WhatsApp ija. Ikaninso PIN ya two-step. Ndipo ka app ka tochi kakamapempha kuona ma contacts ndi malo omwe muli kafufuteni.

NaPhiri_Ndirande:
Ndayang'ana, yanga inalidi yozimitsa, ndayatsa. Koma ikufunsa pasiwedi, nde ndikadzaiwala macheza onse apita eti?

Chisomo_LL:
Mukaiwala foni muli nayobe mutha kuisintha, koma mukaiwala foninso itatayika eya apita, ngakhale a WhatsApp sangakubwezereni. Ilembeni mukope muisunge kunyumba, osati mufoni momwemo.