Bulangeti la masikipa akale latha

Zikomo nonse amene munandiyankha za masikipa akale aja omwe ankatambasuka n'kupindika ndikamasoka bulangeti. Ndinatsata malangizo a mayi amene anati ndiike nsalu yolimba kunsi kwa chidutswa chilichonse. Ndinadula chitenje chakale, kugwiriza ndi mapini, n'kusoka pang'onopang'ono osakoka nsalu. Mizere yawongoka ndithu. Singano ya nsonga yobulungira ndinaipeza kwa telala ku Kapata. Iyoyo sidula ulusi wa sikipa ngati yakuthwa ija.

Ndinkasoka masana okhaokha, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, poti m'mawa ndi madzulo ndi kudimba, kuthirira repu ndi tomato.

Amene mukufuna kuyesa, musasite pamalembo a pulasitiki, amasungunuka n'kumatirira pasimbi. Tembenuzani kaye sikipayo, musite kumbuyo.