Mwendo wakutsogolo wa Cessna 172 ukumatsika usiku uliwonse

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikafika m'mawa ndikumapeza mwendo wakutsogolo wa ndege yathu ya 172 utalowa mkati, chitsulo chonyezimira chija chikungooneka pang'ono. Ndapopera nayitrojeni katatu sabata ino. Woyendetsa akuti ikamatera ikumagunda kuti khu! ngati ngolo yagwa m'dzenje.

A Phiri: Mafuta unaona?

Chisomo: Ayi bambo, ndimayesa ndi kuzizira kwa June kuno.

A Phiri: Kuzizira kumautsitsadi, koma sikungaugunditse. Mu strut, chubu cha mwendowo, muli zinthu ziwiri. Nayitrojeni ali pamwamba, ndiye sipuling'i. Pansi pali mafuta, ndipo ndege ikatera amakakamizika kudutsa pa kabowo kakang'ono. Pamenepo ndi pomwe mphamvu ya kuterako imathera, imasanduka kutentha. Mafuta akachepa palibe chogwira pisitoni, imangothamanga mpaka kumapeto. Iwe ukudyetsa sipuling'i, wanjala ndi mnzakeyo.

Anabanda: Pukuta chitsulocho ndi nsalu yoyera. Ukaona zofiira, seal, labala yotsekera mafuta ija, yapita. Ndipo usadzathiremo Skydrol, mafuta apepo aja, poti ali pafupi. Muno mumalowa MIL-H-5606, wofiira uja. Wapepoyo amadya ma seal amenewa.

Che Jafali: Ife kale tinkangopopa ndi kompuresa basi.

Anabanda: Mpweya wa kompuresa uli ndi chinyontho achimwene. Dzimbiri lake mudzaliona tsiku lomasula.

A Phiri: Chita motere. Tulutsa mpweya wonse kaye usanachotse valavu, ingakuthawire kumaso. Finya strut mpaka pansi, thira mafuta afike pakamwa, uikweze ndi kuitsitsa kangapo kuti thovu lituluke, uwonjezerenso. Kenako lemetsa kumchira tayala lichoke pansi, upope 45 psi. Buku la ndegeyo likhale pambali pako, usadalire mutu wa nkhalamba ine.

Chisomo: Nanga bwanji miyendo yam'mbaliyi ilibe zonsezi?

Che Jafali: Imeneyo ndi chitsulo chopindika chokha, chopanda mafuta, chopanda chodontha. N'chifukwa chake 172 imadumpha wophunzira akaimenyetsa pansi. Koma miyendoyo ndiyo yonyamula katundu, ili kumbuyo pang'ono kwa pomwe pamakhala kulemera kwa ndege, ndiye iyenera kuyamba kuponda. Wakutsogolo ndi wokhotetsera ndi kuchirikiza mphuno. Womangidwanso ku firewall, khoma lachitsulo kuseri kwa injini. Ngati wakhala ukugunda chonchi, tenga tochi uone ngati firewall sinachite makwinya.

Chisomo: Ndabwerako. Nsalu yafiira, ndipo mafuta anatsala ochepa zedi. O-ring, seal ija, inapotokera mkati. Firewall ili bwino. Koma ndikagwedeza torque link, tizitsulo tolumikiza mbali yapansi ya strut ndi yapamwamba, ikumasewera pang'ono.

A Phiri: Imeneyo ndiyo idzakubweretsere shimmy, kunjenjemera kwa tayala. Itanitsa ma bushing a torque link-yo pamodzi ndi seal, umasule kamodzi. Ndege isauluke, ndibwera 2 koloko ndidzaone ndisanasaine.