Mwana wanga amangojambula, ndimulande mapensulo?

Abale anga a pa gulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mwana wamkazi, ali Grade 7 kuno ku Rosettenville. Akangopeza pepala ndiye kujambula, ngakhale kuseri kwa malisiti a kushopu. Bambo ake akuti ndimulande mapensulo alimbikire masamu, ati ku Joni tinabwerera kudzasaka ndalama.

Koma mtima wanga ukukana. Tsiku lina anajambula manja a bambo akewo atagwira kapu ya tiyi. Ming'alu ya simenti m'zala yonse inaoneka, ndi kachala kakang'ono kataimirira pakokha, kosapindika. Nditawafunsa anavomera kuti kamawapweteka kuyambira kale, amangobisa. M'nyumba monse anaona ndi mwanayu yekha, chifukwa pojambula amayang'anitsitsa mpaka chinthu chiulule. Kumeneku ndi kusewera? Si nzeru imeneyi? Nanga kuno kuli komwe angakaphunzire?

Bambo wa ku Dedza: Mayi, chonde musamulande. Kwathu ku Chongoni kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zambiri zoyera zija anajambula ndi makolo athu Achewa, zina za Nyau, zina za chinamwali zolangira atsikana. Iwo chithunzi ankachitenga ngati mphunzitsi. Ife lero tikuti n'kutaya nthawi?

Mayi wa ku Yeoville: Zoona achimwene, koma lendi ya ku Joni salipira ndi mwambo. Bambo a mwanayo asaoneke oipa, akudziwa kuwawa kwa ndalama ya simenti. Azijambula, koma masamu asagwe. Olemba mapulani a nyumba amafuna zonse ziwiri, diso ndi masamu.

Mlongo wa ku Braamfontein: Achemwali, kuno kuli National School of the Arts, imayambira Grade 8. Amaphunzitsa zaluso pamodzi ndi maphunziro enawa, koma mwana amayesedwa kaye, ndiye zojambula zakezo musataye, ikani m'fayilo, za pa malisiti zomwe. Pafupi pomwepo pali Wits Art Museum, nyumba yoonetseramo zojambula ndi zaluso zina. Mupite naye, ndipo bambo ake musawasiye kunyumba. Mwana azilongosola yekha zomwe akuona, iwo amve ndi makutu awo.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwandilimbitsa mtima. Fayilo ndigula mawa. Bambowo ndiyankhula nawo mofatsa Lamlungu tikachoka kutchalitchi. Alipo amene analembetsako mwana wachimalawi pa sukuluyi? Amafuna mapepala anji, nanga fizi mumakwanitsa bwanji?