Fader yatsika koma monitor ikumvekabe

Wophunzira22: Akuluakulu, ndithandizeni. Pa mixer, fader (kabatani kotsetsereka kokwezera ndi kutsitsira mawu) ya woimba ikatsitsidwa mpaka pansi masipika aakulu amakhala chete, koma monitor ya pasiteji (sipika yomwe woimba amadzimvera) imamvekabe. Ukangokweza gain pang'ono, monitor yomweyo imayamba kulira. Kodi mixer yawonongeka?

Phantom48: Ilibe vuto, achimwene. Tsatani njira ya mawu: maiki, kenako preamp (chokulitsa mawu a maiki) pomwe pali gain yoonjezera mphamvu yake, kenako EQ (yokweza kapena kutsitsa mawu aakulu ndi aang'ono), fader kumapeto. Aux (njira yapambali yotumizira mawu) yopita ku monitor imakhala pre-fader, ndiye kuti imatunga mawu asanafike pa fader. Anachita dala, kuti mukamasintha zimene anthu akumva, woimba azidzimvabe. Ya reverb ndiyo imakhala post-fader, kuti izitsika limodzi ndi mawu.

Koma gain ili kumtunda kwa zonsezi. Mukaikweza ndi 6 dB, aux iliyonse yakwera ndi 6 dB, maiki n'kuyamba kutola mawu a monitor yake yomwe, mluzu uja n'kubadwa. Konzani gain pa soundcheck: dinani PFL (batani loonetsa mawu pa mita asanafike pa fader), woimba aimbe mokweza monga adzaimbire pamaso pa anthu, mita izisewera cha pa 0 ngati ndi analogi, kapena cha pa -18 dBFS ngati ndi digito. Mukatero isiyeni, muzigwira fader basi. Pa mawu a munthu ikani high-pass (yodula mawu apansi ogunda) cha pa 100 Hz. Onaninso pomwe monitor yakhala: maiki ya Shure SM58 siimva kumbuyo kwenikweni, pamene Beta 58A imamvako pang'ono kumbuyoko, choncho monitor yake ikhale chapambali.

MonitorMix: Vuto limeneli ndi lomwe makonsati aakulu amagwiritsira ma mixer awiri, wina pakati pa anthu, wina pambali pa siteji. Kale pa analogi splitter inkagawa waya wa maiki iliyonse pawiri, aliyense n'kukhala ndi preamp yake, osasokonezana.

Digito itabwera, monga Yamaha PM1D, DiGiCo D5 mu 2002, kenako Behringer X32 mu 2012 yomwe inatsitsa mtengo kwambiri, chingwe chonenepa chonyamula mawaya a maiki onse chinayamba kulowedwa m'malo ndi waya wopepuka, monga wa Cat5e pa X32, wosapitirira mamita 100. Zinapepuka ndithu, koma vuto lakale linabwereranso. Ma mixer awiri akalumikizidwa ku stagebox imodzi (bokosi la pasiteji lolowetsamo maiki), preamp ndi imodzi. Wa pakati pa anthu uja akakweza gain, oimba onse amva kusintha m'makutu. Gwirizanani kuti mwini gain ndi mmodzi, winayo azigwira digital trim yokha (yosintha mawu pa mixer yake yokha), kapena yatsani gain compensation (yobweza kusinthako pa mixer inayo) ngati ilipo.

Phantom48: Ndinaiwala chimodzi. Pre-fader si pre-EQ. Pa ma mixer ambiri aux imatunga mawu atadutsa kale pa EQ, ndiye mukakweza 3 kHz kuti mawu amveke bwino kwa anthu, mwakwezanso pa monitor, ndipo apo ndi pomwe maiki imakonda kulira. Pa digito lowani pa send (potumizira mawu ku aux) muone pomwe ikutunga, nthawi zambiri zimasinthika.