Kasinja wa M3 Stuart wa Tamiya: yankho la funso lija

Munafunsa ngati kasinja wachidole wa pulasitiki womanga nokha, M3 Stuart wa kampani ya Tamiya, wa 1/35 (wochepa ka 35 poyerekeza ndi weniweni), nambala 35360, ndi yemwe uja wa 1974 wongomusinthira bokosi. Ayi. Tamiya anamuumba mwatsopano n'kumutulutsa mu 2018. Akamangidwa amatalika pafupifupi masentimita 13, poti kasinja weniweniyo, yemwe asilikali a Britain ku North Africa ankamutcha Honey, anali wa mamita 4.5.

Chachikulu chomwe chakonzedwa ndi malamba oyendera. Pa wakale uja, tizitsulo ta m'mbali tolumikiza mapisi a lamba tinali pakati pa pisi iliyonse, pomwe timayenera kukhala pamene mapisi awiri akumana. Tsopano tili pamalo pake. Malambawo ndi ofewa; atsukeni ndi sopo musanapake penti, apo ayi penti imasupuka mukamawakoka powaveka. Musawalekerere kuti azilendewera, chifukwa malamba a Stuart ankakhala okungika.

Samalani kwambiri maliveti, timitu ta misomali yolumikizira zitsulo. Adzaza thupi lonse, ena ali m'mphepete penipeni pomwe mapisi amakumana, ndipo sandipepala akangodutsapo kawiri afufutika. Yambani mwalumikiza popanda guluu. Zikagwirizana, dontheretsani guluu wamadzimadzi, monga Tamiya Extra Thin, cham'kati. Mukathira kunja amayenderera pansi pa chala n'kusiya chidindo pa pulasitiki.

Mawilo apakeni penti musanawatsekere m'mafelemu ake, chifukwa pambuyo pake burashi safika pa labala. Penti ya thupi ndi olive drab, yobiriwira yachisilikali, nambala XF-62 ya Tamiya. Zizindikiro zomata zilimo za America ndi za Soviet Union.