LM317 ikutentha kwambiri, tapu ya M3 nayo yathyoka

Yamikani_Chilomoni:
Moni akuluakulu. Ndikuphunzira zamagetsi ku MUBAS, ndipo pa tchuthi chino ndikupanga power supply yotulutsa 1.25V mpaka 12V, ya 1A. Ndaika thiransifoma ya 15V, ma diode anayi a 1N4007, kapasita ya 2200µF ndi LM317 (chip yotsitsa ndi kukhazikitsa voteji), zonse m'bokosi la aluminiyamu ya 3mm. Ndikatsitsa kufika pa 5V n'kulumikiza chinthu chokoka 1A, LM317 ikumatentha mpaka kuzima yokha. Komanso tapu ya M3, kachitsulo kodulira mizere ya sikuluwu ya 3mm, yathyokera m'bowo la bokosilo. Vuto lili pati?

Phiri_Zamagetsi:
Achimwene, yambani ndi masamu. 15V ya AC ikadutsa pa ma diode ndi kapasita imafika pafupifupi 19V ya DC. Inu mukufuna 5V, ndiye 14V yotsalayo LM317 imaisandutsa kutentha: 14V × 1A = 14W. Mkati mwa chip simuyenera kupitirira 125°C, pamene m'bokosi lotseka mwezi wa Okotobala mumatha kufika 40°C. Mwatsala ndi 85°C, ndipo mukagawa ndi 14W mupeza 6°C/W basi, kutanthauza kuti watt iliyonse isakweze kutentha kupitirira 6°C. Pafupifupi 4 kapena 5 pamenepo zimathera pakati pa chip ndi msana wake wachitsulo, choncho ngakhale heatsink (chitsulo chomwaza kutentha) yaikulu sikupulumutsani.

Pezani thiransifoma yokhala ndi 9V komanso 15V, muike switch kuti pansi pa 6V muzigwiritsa ntchito 9V. Kutentha kutsika kufika pa 6W. Apo ayi, ikani module ya LM2596, yotsitsa voteji osatentha kwambiri, patsogolo pa LM317.

Chomwe ambiri amaiwala: msana wa LM317 ndi wolumikizika ku output, osati ku ground. Musaumange pabokosi popanda mica (kapepala kotchinga magetsi), kapulasitiki ka pa sikuluwu ndi thermal paste. Mukamanga, yezani ndi multimeter kuti msana ndi bokosi sizikugundana.

MaiBanda_Lathe:
Mwanawe, unaboola ndi drill yanji? M3 imafuna bowo la 2.5mm. Ukaboola 2mm tapu imakakamira, ndipo aluminiyamu amamatirira m'mano mwake. Menya kaye senta panchi, boola pa drill yapatebulo pa liwiro lapamwamba, kenako pala kukamwa kwa bowo ndi drill ya 5mm pamanja. Dontheza palafini pa tapu. Zunguliza theka, bwerera kota kuti zinyenyeswa ziduke, uzitero mpaka utulukire. Tapu ikapendekeka ngakhale pang'ono imathyoka, ndiye iyambitse ili mu chuck ya drill yozimitsa, uzizunguliza ndi dzanja.

Yothyokayo usaiboole, chitsulo chake n'cholimba kuposa drill yako. Madzi otentha osungunuliramo mchere wa alamu (alum) amadya chitsulo n'kusiya aluminiyamu, koma amachedwa. Ngati malo alipo, ingoboola pena, 8mm pambali pake.

Yamikani_Chilomoni:
Inalidi ya 2mm, mayi. Nanga ma 1N4007 ndiwasiye?

Phiri_Zamagetsi:
Achotseni. Malire ake ndi 1A, ndipo kapasita imakoka magetsi ambiri mukangoyatsa. Ikani 1N5408 ya 3A. Kapasita ikhale 4700µF ya 35V. Pa 50Hz ya ESCOM ripple (kukwera ndi kutsika kwa voteji ya DC) itsika kuchoka pa 4.5V kufika pa 2V. Popeza bokosi ndi la aluminiyamu ndipo mukulowa 230V, waya wa earth umangidwe pa sikuluwu yakeyake yokhala ndi star washer, ndipo fyuzi ya 500mA ya slow-blow ikhale pa waya wa live, switch isanafike.